Mpeni Sugona M'chimake

Mwana wanga anamugwira utuchi uli m'tsitsi. Uthenga unandipeza kuntchito, manja ali m'madzi a sopo, ndipo ndisaname, choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti mulu wa nsaluwu amaliza ndani. Ndimachapa nsalu za odwala kuchipatala. Munthu ukaima tsiku lonse miyendo itatupa, mutu umayamba ndi zazing'ono. Ndinapukuta manja m'diresi n'kutuluka osatsanzika.

Ndikati mwana sindikunena kamwana ayi. Ndi bambo, ali ndi mkazi woyembekezera ndi ntchito yake ya ukalipentala. Anthu amamutcha Chibwibwi chifukwa lilime lake limakakamira, makamaka akaopa. Masiku amenewo ankakhoma kabati yagalasi kunyumba kwa dokotala wa mano wopuma ntchito, mkulu amene ankasunga mipeni ya alenje ngati mmene ena amawetera nkhunda. Sinali mipeni ya kukhitchini, kapena yopinda ija ya m'thumba. Inali yosapinda, yakalekale, ina yoti wosula wake anangopanga yowerengeka n'kusiya. Sinadulepo kanthu. Mwini wake ankangoiyang'ana.

Dokotalayo anamupeza ali pansi m'chipinda cha mipeniyo, mutu utang'ambika, akupuma koma osadziwa kanthu. Pambali pake panali nyundo ya mwana wanga. Oyandikana nawo anamva awiriwo akukangana masana omwewo. Apolisi sanavutike kuyang'ana patali.

Kupolisi ndinapeza achimwene anga atafika kale. Ndi iwo analera mwanayu bambo ake atamwalira, ndipo ndi iwo anamupezera ntchito ya kabatiyo, poti iwo ndi dokotala ankagwirizana pa nkhani ya mipeni yomweyo. Achimwene anayendetsa malole a katundu kunja zaka zambiri, ndipo matenda okonda mipeniwa anawatengera kumeneko. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisade nkhawa, za loya aona okha.

Anatilola kumuona pa kawindo ka chitolokosi. Anali atakhala pa simenti, mawondo atafika kuchibwano. Atationa anadzuka, nkhope itawala, n'kuyamba kulimbana ndi mawu.

"Ama... ama... ama..."

"Ndili pano," ndinatero. "Amayi ako ndabwera. Wadya?"

Anapukusa mutu n'kutsegulanso pakamwa, koma achimwene analowererapo ali kumbuyo kwanga. Anamuuza mofatsa, ngati mmene ankamuuzira ali wamng'ono, kuti asanene kanthu kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ine, mpaka loya atabwera, chifukwa mawu a munthu wachibwibwi apolisi amamalizitsa okha mmene akufunira. Mwana wanga anawayang'ana nthawi yaitali n'kugwedeza mutu. Ine ndinaona kuti ndi nzeru.

*

Wofufuza mlanduwo anali Sajeni wamkazi, wowonda, wolankhula motsitsa moti umachita kusendera kuti umve. M'kamwa mwawo simunkasowa switi ya chifuwa. Achimwene atapita, ndinawadikirira pabenchi ya panja mpaka anatuluka.

Ndinawauza kuti mwana wanga sangaphe ngakhale nkhuku, ikafunika kupha amaitana mkazi wake. Anayankha kuti mayi aliyense wokhala pabenchi imeneyo amanena za nkhuku.

"Ine ndili ndi nyundo, ndili ndi mkangano, ndili ndi munthu amene sakuyankha mafunso," anatero. "Inu muli ndi chiyani, mayi?"

Ndinalibe kanthu. Ndinafunsa ngati m'nyumbamo munasowa chinthu. Anati ayi, akazi a dokotala awerenga mipeni ndipo yakwana. Anandiyang'ana kwakanthawi, ngati akuyeza ngati ndine wolongolola, kenako anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi.

Panali tebulo loyalidwa nsalu yobiriwira. Mipeni inandanda bwinobwino pamenepo, uliwonse uli ndi chimake chake chachikopa pambali, osati mkati ayi, pambali. Pansi panali magazi, ena atadonthera m'mphepete mwa tebulo. Pangodya panali kabotolo ka mafuta opukutira chitsulo, kotseka bwino.

A Sajeni analoza kabotoloko ndi chikhadabo. Anati atakanyamula anapeza magazi pansi pake, koma pamwamba pake panalibe ngakhale dontho. Ndiye kuti kanaikidwapo munthu atagwa kale.

"Wamenya mnzako, mnzako ali pansi akubuula, iwe n'kuyamba kukonza patebulo," anatero. "Mwana wanu ndi waudongo chotero?"

Ndinawauza kuti mwana wanga sadziwa ngakhale pomwe wasiya kapu imene wamwera.

Anagubuduza switi m'kamwa n'kubweza foni m'thumba. Anati nawonso kabotoloko sikakuwasangalatsa, koma ndidziwe chinthu chimodzi. Dokotala akadzuka anena yekha amene anamumenya. Akapanda kudzuka, kukhoti ikalankhule ndi nyundo, osati kabotolo.

*

Mmawa mwake ndinapita kuntchito, chifukwa nsalu za odwala sizidziwa kuti uli ndi mlandu. Ndikukankha ngolo ya nsalu m'khonde la wodi ya amuna, ndinaona akazi a dokotala atakhala pabenchi, chikwama chili pamaondo. Anali mayi woyera bwino zovala, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu aliwonse wayamba wawasita. Ankadziwa kuti ndine mayi wa ndani. Sanandithamangitse. Anangosuntha pang'ono kuti ndikhale.

Mipeni ya amuna awo ankaitcha akazi anzawo. "Ndakhala pamitala ndi zitsulo, mayi," anatero, osamwetulira. "Iwo ankadziwa tsiku limene mpeni uliwonse unabwera m'nyumba. Tsiku limene ndinabwera ine ankachita kufunsa."

Ndinawapempha kuti andiuze za mkangano uja. Anati mwana wanga, pofuna malo okhomera mashelefu, anatsitsa mipeni yonse pakhoma pomwe inkakhala. Ndiye poti ndi munthu woganiza, anailowetsa uliwonse m'chimake chake kuti wina asadzicheke. Amuna awo atalowa n'kuona zimenezo anatsala pang'ono kukomoka. Anakalipa kuti chikopa chimasunga chinyontho, chinyontho chimabala dzimbiri, ndipo mpeni wosunga sugona m'chimake ngakhale usiku umodzi. Mwana wanga anayesa kupepesa, lilime n'kukakamira, iwo n'kuyesa ndi mwano. Mayiwo anati phokoso lotero analimva kokwanira pamoyo wawo, choncho anatenga chikwama n'kupita kwa mng'ono wawo, kuwasiya akadali pomwepo.

Ndinafunsa ngati pochoka anasiya mipeni ili m'zimake. Anati yonse. Nanga pobwera? Anati inali panja, yonse, ndipo m'chipindamo munkanunkhira mafuta.

"Ndiye kuti bambo anaitulutsa okha asanamenyedwe," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi ndi onyowa.

"Ndi dzanja liti? Lamanja linafa ndi sitoroko, n'chifukwa chake anasiya kuzula mano. Timalamba ta zimakezo n'tolimba, timafuna manja awiri. Mabatani a malaya ndimawamangira ndine."

Ndinati mwina mwana wanga anaitulutsanso kuti awapepese. Anapukusa mutu. Mawu omaliza amene anamva akutseka chitseko anali amuna awo akuuza mwana wanga kuti asadzakhudzenso mpeni wawo ngakhale ndi chala chimodzi, poti thukuta la chala limasiya chipsera pachitsulo. Iwo eni, mkazi wa m'nyumba, sankaloledwa ngakhale kupukuta fumbi.

Ndinafunsa amene ankaloledwa.

"Odwala anzawo. Alipo awiri okha. Wogulitsa matayala uja, ndi achimwene anu."

Ndisanayankhe, namwino anatuluka m'wodi. Sanathamange, sanaitane patali. Anabwera pang'onopang'ono, manja atawagwirizanitsa kutsogolo. Ndachapa nsalu m'chipatala muja nthawi yokwanira kudziwa kayendedwe kameneko. Akazi a dokotala anakadziwanso. Anaimirira, n'kukonza diresi, n'kundipatsa chikwama kuti ndiwagwirire, ngati aiwala kuti ndine ndani.

*

Wogulitsa matayala ndinamupeza pakhonde la shopu yake m'mbali mwa msewu, atakhala pampando, mwendo uli m'chikhakha atausanjika pa tayala. Anali munthu wamimba yaikulu ndi mawu aakulu, woseka asanamalize nthabwala yake. Anati jeke inaterereka galimoto n'kumutsamira, ndipo tsiku limene dokotala anamenyedwa iye anali chigonere m'chipatala chathu chomwecho, akutukwana madokotala a mafupa. Anati ndikafunse, amamukumbuka onse. Ndinali nditafunsa kale. Ankamukumbukadi.

Nditamuuza kuti mnzake wamwalira, kuseka kunatha. Anavula chipewa. Kenako anafunsa kuti nanga amayiwo mipeni ija aichita chiyani, ndipo atangofunsa anachita manyazi n'kuyang'ana kumsewu.

"Mundikhululukire, mlongo wa dalaivala. Ife ndife amisala. Kungoti ndife amisala aukhondo."

Anandifotokozera kuti atatuwo ankakumana Lamlungu masana, n'kuvala magolovesi oyera ngati operekera ukwati, n'kumapatsirana mipeni uku akukangana za anthu osula amene anafa kalekale kumayiko amene sanafikeko. Ine za osulawo ndinalibe nazo ntchito. Ndinamufunsa chimene chinkandivuta: m'chipinda chodzaza mipeni, bwanji munthu wokwiya anatola nyundo?

"Kalipentala akanatha kutola mpeni, bwanji osatero," anatero. "Koma mmodzi wa ife? Magazi ali ndi mchere, mayi. Mpeni wotero ukalawa magazi watha ntchito. Bola kumugenda ndi mpando munthuyo."

Anayamba kuseka, n'kusiyira pakati. Tonse tinamva zimene ananena.

Ndinamufunsa ngati panali mkangano pakati pawo. Anazengereza, anakanda m'mphepete mwa chikhakha, anaitana kasitomala amene sankabwera kwa iye. Ndinamuuza kuti mwana wanga akugona pa simenti ndipo ine ndilibe tsiku lonse. Ndipamene ananena.

Panali mpeni wina wa chogwirira cha nyanga ya gwape, umene wosula wake anapanga ochepa kwambiri, uliwonse n'kuudinda nambala yake pachitsulo. Achimwene anali nawo umodzi. Umenewo ndinkaudziwa ngakhale ine, chifukwa ankautcha mwana wawo wachisamba ndipo aliyense wolowa m'nyumba mwawo ankayenera kuuona asanapatsidwe madzi. Ndiye posachedwapa dokotala anapeza wake, wofanana ndendende, ndipo nambala inali imodzimodzi. Mipeni iwiri singakhale ndi nambala imodzi. Wina unali wachinyengo.

Atakumana komaliza, dokotala anaika yonse iwiri pansi pa galasi lake lokulitsa zinthu. Anati weniweni uli ndi chilema chodziwika kwa onse odziwa: wosula analakwitsa, nambala anaidinda chozondoka. Wa dokotala unali wozondoka. Wa achimwene nambala inaima bwinobwino, yokongola kuposa yeniyeni.

"Dokotala pakamwa analibe chifundo, ntchito yake inali yozula," anatero wa matayala. "Anati, dalaivala, zaka zonsezi wakhala ukulera mwana wosakhala wako. Ine ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Achimwene anunso anaseka, koma milomo inali itayera. Anakulunga mpeni wawo n'kuchoka tiyi asanamwe."

Ndikunyamuka anandigwira mkono. Anati ndisazitengere patali, dalaivala ndi munthu wabwino. Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndinakula naye.

*

Ndinayenda wapansi kubwerera, ngakhale miyendo inkakana. Ndili pakati pa njira ndinaima, moti wanjinga anatsala pang'ono kundigunda n'kunditukwana. Ndinkaona nkhope ya mwana wanga pa kawindo kaja. Sanali kulira ayi. Anali wokondwa. Ndipo maso ake sanali pa ine, anali pamwamba pa phewa langa. Mawu akuti amayi ndi amalume amayamba mofanana: sankaitana ine.

Kupolisi a Sajeni kunalibe, anati apita kuchipatala. Wapolisi wapakhomo anandilola kanthawi kochepa. Ndinafika pa kawindo n'kumuuza mwana wanga kuti loya kapena opanda loya, anene chimene ankafuna kunena dzulo. Kenako ndinatseka pakamwa panga n'kugwira zitsulo za pawindo kuti ndisamuthandize. Zinatenga nthawi. Mitsempha ya pakhosi inatuluka, diso limodzi linatsinzina, koma mawu anabwera.

Anati atathamangitsidwa anasiya zida zake zonse n'kutuluka, ndipo pageti anakumana ndi amalume ake akulowa, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Dokotala anali pawindo, wamoyo, akukalipabe. Amalume anamusisita pamsana n'kumuuza kuti apite kunyumba, iwo akamuziziritsa mkuluyo.

"A-anena, amayi," anatero. "Akungodikira lo-loya. Amadziwa zimene akuchita."

Ndinamuuza kuti adye zimene mkazi wake wabweretsa. Panja ndinaganiza bwinobwino. Mawu a woimbidwa mlandu, obwera mochedwa, onenedwa kwa mayi ake. Ngakhale ine sindikanawakhulupirira. Panafunika chinthu choti munthu agwire ndi manja.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika kwa achimwene. Alamu anga kunalibe, anali atapita kukaona mwana wawo wamkazi. Achimwene anandilandira bwino, n'kuyamba kundiuza za loya amene akuti amupeza, munthu wodziwa milandu yotere. Ndinati ndatopa, ndikufuna kukhala pozizira. Chipinda chozizira m'nyumbamo ndi chimodzi, cha kumbuyo, cha mipeni. Titalowa anatseka chitseko, monga amachitira nthawi zonse kuti mphepo yachinyontho isalowe.

Mipeni inali pakhoma, uliwonse pa timisomali take tiwiri, zimake zili pashelefu yapansi. Ndinawauza kuti dokotala wamwalira. Anati amva. Anakhala ngati akufuna kuwonjezera mawu, koma anangokonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale.

"Tandionetsani wachisamba uja," ndinatero.

Anandiyang'ana. Pamoyo wanga wonse sindinapemphepo kuona mpeni wawo, ankachita kundikakamiza. Ndinaona m'maso mwawo kuti akudziwa kuti ayenera kukana. Koma manja anali atapita kale pa magolovesi. Anautsitsa pakhoma, anaugoneka pa zikhato zonse ziwiri, n'kuupendeketsa kuti kuwala kwa pawindo kugwe pachitsulo. Nkhope yawo inafewa ngati ya munthu woonetsa khanda.

Sindinaukhudze. Ndinangowerama. Ine sukulu sindinapite patali, koma nambala yoima ndi mutu ndimaidziwa.

"Yazondoka," ndinatero. Unali mpeni wa dokotala, ndipo wachinyengo uja achimwene anausiya m'malo mwake.

Anauika patebulo pang'onopang'ono, n'kuuwongola kuti ugone molunjika. Iwo anali pakati pa ine ndi chitseko. Ndinazindikira kuti maso anga sakuyang'ana mipeni ya pakhoma ija. Ankayang'ana zolemera: mpando wachitsulo, mwala wotsamiritsa chitseko, sipanala yaikulu ya lole imene anasunga atasiya ntchito.

Analankhula osandiyang'ana. Anati dokotala anawaimbira foni kuti abwere adzatulutse mipeni m'zimake. Anapita, n'kutenga wawo kuti mwina aunikenso bwino, mwina galasi linanama. Akumasula timalamba, dokotala sanasiye nthabwala. Anawauza kuti wawowo auike patali, ungapatsire inzake matenda. Nyundo inali pomwepo patebulo.

"Dzanja linapita lokha, chemwali."

Ndinafunsa za kabotolo ka mafuta. Anati mipeni ina inali ikadali m'zimake, ndipo ina magazi anali atawazikira.

"Sindikanaisiya choncho. Pofika mmawa ikanakhala itadyeka."

"Nanga munthuyo? Ankapuma."

"Ndinkayesa wapita."

"Munamuyang'ana?"

Anavula magolovesi chala chimodzichimodzi n'kuwapinda. Kenako anatembenuka, ndipo mawu awo anali ofatsa, omwe aja a pa kawindo ka chitolokosi.

Anati ndiganize ngati munthu wamkulu. Mwanayu akadali wamng'ono. Loya wabwino akanena kuti anaputidwa, kuti anatukwanidwa chifukwa cha lilime lake, ndipo woweruza akamumvera chisoni. Zaka zochepa atuluka, ntchito ili m'manja mwake, ayambiranso. Koma iwo ndi shuga wawo ndi msana wawo, ndende ingawaphe chaka chisanathe.

"Mkazi wake ndi khandalo ndisamala ine," anatero. "Ngati mmene ndinamusamalira iye. Unamva liti ndikudandaula?"

Zinali zoona, sanadandaulepo. Nsapato zoyamba za mwana wanga anagula ndi iwo. Chopalira matabwa chake choyamba anamupatsa ndi iwo. Ndinaziganiza zonsezo, sizinanditengere nthawi.

"Chokani pakhomo, achimwene."

"Ukupita kuti?"

"Mukudziwa."

Sanasunthe. Dzanja lawo lamanja linkatseguka n'kutsekeka, ndipo ndinkaliyang'ana ilolo, osati nkhope. Sindikudziwa kuti tinaima choncho nthawi yaitali bwanji. Pomaliza anatambasula dzanjalo, n'kugwira chotsegulira, n'kunditsegulira chitseko ngati mlendo.

*

Ndinafika pageti. Ndinakhala pamwala n'kuimbira a Sajeni. Anamvetsera osandidula, kenako anati ndisachoke pamenepo ndipo ndisalowenso m'nyumbamo.

Nditatseka foni ndipamene ndinaona kupusa kwanga. Mpeni ndinausiya patebulo. Kuseri kwa nyumba ya achimwene kuli chimbudzi chakale chokumba, chakuya, chimene palibe wapolisi angalowemo chifukwa cha mawu a mayi wochapa nsalu. Mpeniwo ukapita mmenemo, achimwene akanati wawo anagulitsa kalekale atadziwa kuti ndi wachinyengo, ndipo patebulo la dokotala akanangopezapo mpeni wa nyanga umodzi, ngati kale. Mwana wanga akanatsala ndi nyundo yake.

Ndinamva chitseko cha kumbuyo chikulira. Ndinamva mapazi pa timiyala, akupita kuseri. Ndinafuna kudzuka, koma ndikanachita chiyani ine ndi munthu wonyamula mpeni? Ndinakhala pamwalapo n'kumayang'ana nyerere zikukoka chiwala chakufa. Patapita nthawi mapazi anabwerera. Chitseko chinatsekeka.

A Sajeni anafika ndi apolisi awiri. Asanalowe anandiuza motsitsa kuti tsiku lina ndikadzafuna kufa ndidzayambe ndawadziwitsa. Ndinawatsatira ngakhale anandiletsa.

Achimwene anali atakhala patebulo m'chipinda chija, nsapato zili ndi matope a kuseri. Mpeni wa nyanga unali patsogolo pawo pansalu, ukunyezimira mafuta atsopano. Anakweza maso n'kundiyang'ana ine, osati apolisi.

"Ndinayesa," anatero. "Ndinafika pakhomo pa chimbudzi penipeni."

Wapolisi mmodzi anatulutsa thumba lapulasitiki. Achimwene anadzuka mwadzidzidzi moti winayo anagwira chibonga chake.

"Musauike m'pulasitiki, bwana wanga. Uchita thukuta. Tengani nsaluyi."

A Sajeni anawayang'ana, anayang'ana nambala ija, n'kulandira nsaluyo. Anaukulunga okha.

Mwana wanga anamutulutsa tsiku lotsatira, dzuwa litakwera. Ndinamudikirira pakauntala, nditapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito. Anatuluka akuphethira, ndevu zitamera, akununkha chitolokosi. Tikudutsa m'khonde, chitseko cha ofesi ya a Sajeni chinali chotsegula pang'ono. Achimwene anali atakhala mmenemo, atatipatsa msana, akulankhula, wapolisi akulemba.

Mwana wanga anaima. Nkhope yonse inamasuka.

"Ndi-ndinakuuzani, amayi. Ndinakuuzani kuti anena."

"Anenadi," ndinatero.

"Tiwadikire. Ndi-ndiwathokoze."

"Ayi. Mkazi wako ali yekha."

Ndinamugwira pamkono, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kumukokera panja. Ankangotembenuka kuyang'ana kumbuyo. Kunyumba kwake n'kutali ndithu ndi kupolisi, ndipo ndinamuuza kuti tiyenda wapansi, chifukwa zimene ndinali nazo sizinali zonenera m'basi.